Mlamu Wanga ndi Nyimbo ya mu Baisikopo

Achimwene anga anatsika sitima pa doko la Nkhata Bay chaka chikupita kumapeto, mvula yoyamba itagwa kale. Anavala suti yotuwa ndi chipewa chopendekera kudiso limodzi, padzuwa loti munthu wanzeru akanavula ngakhale malaya. Zinali zaka za m'ma 1950, ine ndili mbeta, ndikuphunzitsa ana aang'ono pa sukulu ya mishoni. Iwo anali atakhalitsa ku Buluwayo, moti anthu anali atayamba kuwatchula mtchona, ndipo amayi akamva zimenezo ankasintha nkhani. Katundu wawo sanali wochuluka monga tinkaganizira: sutikesi imodzi, bulangete lomanga ndi lamba, ndi kabokosi kakuda kamene anakaniza onyamula katundu onse kukakhudza. Anakanyamula okha kukwera nako chitunda mpaka kunyumba, thukuta lili kamukamu. M'kabokosimo munali galamafoni, ndipo mbale zake anazikulunga m'malaya akale.

Kunyumba kunali munthu amene anawadikira kuposa tonsefe. Mlamu wanga anali wa ku Mwaya, msinkhu umodzi ndi ine. Achimwene anamukwatira atatsala pang'ono kunyamuka, ndipo anamusiya kwathu asanaime. Zaka zonsezo tinkagona chipinda chimodzi, kuviika chinangwa limodzi, kusinja ufa wa kondowole mumtondo umodzi. Sanali wolongolola. Chimene ankafuna chinali chimodzi, ndipo aliyense pakhomo ankachidziwa ngakhale iye sanachitchulepo: kuti mwamuna wake asabwererenso. Amuna a kwathu akabwera kuchokera kum'mwera nthawi ya Khirisimasi ankati abwera kudzapuma, ndipo chaka chatsopano chikangolowa umangowaona akupukutanso nsapato. Abambo anali atawapezera kale malo pa sitolo ina ya ku boma, komanso panali khoka lawo limene linkafuna munthu woliyang'anira. Achimwene sanavomere ndipo sanakane. Ankangoti aona.

Ku Buluwayo ankagwira ntchito yoperekera zakudya pa hotela ya azungu. Za ntchitoyo sankakamba zambiri. Zimene ankakamba masana aliwonse pakhonde, anthu atadzaza mpaka pansi pa mtengo wa mango, zinali za baisikopo. Ife baisikopo tinkaidziwa pang'ono. Nthawi zina kunkabwera galimoto la boma kudzationetsa mmene tingaumbire mizere m'munda ndi mmene tingakumbire chimbudzi, ndipo tinkapita ndithu, poti chithunzi choyenda ndi chithunzi choyenda. Achimwene anati imeneyo si baisikopo, ndi sukulu ya akuluakulu. Yeniyeni inali ku holo ya ku lokeshoni, kumene ankapita Loweruka akapatsidwa mpata, ndipo kumeneko ankaonetsa mafilimu a ku Amereka. Anzawo ankakonda a akauboyi, owomberana mfuti ali pa akavalo. Iwo amenewo ankati ndi a ana. Awo anali mafilimu oimba.

Kufotokoza ankakudziwa, pamenepo sindingawachotsere. Ankaimirira, kukankha mpando, khonde n'kusanduka msewu wa mumzinda waukulu. Munthu akuyenda, ankatero, munthu wamba ngati iwe ndi ine, kungoti wavala bwino. Akulankhula ndi mnzake, ndipo nkhaniyo ikamukulira, ikafika poti kulankhula kokha sikukwanira, amangoyamba kuimba. Sapempha chilolezo, sakhosomola kaye. Zoimbira zimatulukira kumene sukudziwa. Wogulitsa maluwa amalowerera, wapolisi amalowerera, amayi osuzumira pazenera amalowerera, ndipo onse amadziwa popondera ngati anakulira nyumba imodzi. Pansi pa nsapato za amuna pali tizitsulo, moti mapazi amalankhula paokha. Akafika apa achimwene ankamenya zidendene pa chitseko chakale chimene anachigoneka pansi dala. Sabata isanathe anyamata amene anali ndi nsapato anali atakhomerako zitsekerero za mabotolo, ndipo amene analibe ankangomenya zidendene m'fumbi, osamveka kanthu.

Chimene ankachibwereza kawirikawiri chinali cha operekera zakudya. M'filimu ina, anati, anyamata a mu hotela anatuluka m'khitchini ali pamzere, mathireyi m'mwamba, akuvina pakati pa matebulo, ndipo azungu odya aja anawaombera m'manja. Palibe amene anakalipiridwa. Pofotokoza zimenezi ankaseka, koma ine ndinkaona kuti nkhaniyi inkawagwira penapake. Munthu amene wakhala zaka akunyamula supu mwakachetechete, akuitanidwa ndi chala, ali ndi chifukwa chokondera dziko lotero.

Abambo, amene anali mkulu wa mpingo, ankamvetsera nawo atatsinzina diso limodzi. Tsiku lina anafunsa kuti anthu a dziko limenelo amalima nthawi yanji. Achimwene anayankha kuti m'baisikopo mulibe njala, ndipo abambo anati ndiye n'chifukwa chake.

Panali mayi wina woimba amene achimwene ankamuika pamwamba pa onse. Dzina lake malilime athu ankalipotoza, choncho amayi anangomutcha mkazi wamng'ono wa achimwene, ndipo dzinalo linakhala. Achimwene ankati tsitsi lake ndi lofiira, maso ake ngati munthu amene wangosiya kulira kumene. Liwu lake limayamba pansi, ngati akukunong'oneza kukhitchini, kenaka n'kumakwera. Ankati mayiyo akayang'ana kutsogolo n'kuyamba kuimba, holo yonse yodzaza amuna onunkha thukuta la sabata yathunthu inkakhala chete, ndipo aliyense ankatuluka akukhulupirira kuti amaimbira iyeyo. Pa mbale zonse zija panali imodzi ya mayiyu imene ankaikonda kwambiri, nyimbo yoyenda pang'onopang'ono. Chakumapeto kwake panali malo amene liwu linkakwera, kukwerabe, mpaka womvera n'kuiwala kupuma. Akafika pamenepo achimwene ankakweza chala kuti aliyense atseke pakamwa, ndipo tambala akalira ankamuyang'ana ndi diso loipa.

Poti ndinali mphunzitsi, anthu ankandifunsa kuti mayiyo akunena chiyani. Chingerezi choimba n'chovuta kugwira. Ndinkangotolamo zidutswa, za munthu wodikira mnzake, ndipo ndikazimasulira zinkamveka zopanda mchere. Achimwene anati ndisavutike. Zonenazo n'zopanda ntchito, anatero, chofunika ndi liwu.

Mlamu wanga ankamva zonsezi ali kumbali kwa nyumba, akusenda chinangwa. Achimwene sankamuzunza. Anamubweretsera diresi ndi nsapato zazitali chidendene, ankamuthokoza akawapatsa madzi osamba, ankamupatsa ulemu wonse umene ankapatsa alendo a pa hotela. Vuto linali lomwelo. Anali anthu awiri osadziwana ogona nyumba imodzi, ndipo kwathu mkazi sankauza mwamuna maso ndi maso kuti musapite. Akatero ankanenedwa kuti akufuna kumangirira mwamuna pansalu. Ankhoswe analipo, koma ankhoswe amafuna mlandu, ndipo apa panalibe mlandu: munthu samenya, samwa, sagona kunja. Ine zinkandimvetsa chisoni, koma ndinalibe pogwira.

Masana ena, anthu atabalalika, achimwene akupukuta mbale ija ndi kansalu, mlamu anabwera kudzatenga makapu. Ine ndinali pomwepo ndikusoka. Mlamu analankhula ali chogwada, akuwatchula Ada, monga timatchulira mwamuna mwaulemu m'Chitonga.

"Ada, mayiyo akamaliza kuimba, mwamunayo amayankha chiyani?"

"Ndiziwa cha," anatero achimwene, kutanthauza kuti sakudziwa. "Pamenepo amadula."

Anafotokoza kuti mafilimu oonetsa anthu akuda ankayamba adutsa m'manja mwa azungu ena okhala ndi sizasi. Paliponse pamene mwamuna ndi mkazi ayandikizana nkhope, ankadulapo n'kulumikiza. Ndiye mayi uja amaimba, akuyenda kupita kwa mwamunayo pamaso pa anthu onse, amafika pafupi, chithunzi n'kudumpha. Ukaphethira uwaona ali m'tchalitchi, kapena akwera galimoto limodzi anthu akuwabayibitsa. M'holo amuna ankaimba mluzu ndi kutukwana wa makina, koma wa makinayo analibe chochita.

"Nthawi zonse amathera limodzi?" anafunsa mlamu.

"Nthawi zonse. Akaimba mayi uja, mwamuna sapita kulikonse."

Mlamu anatola makapu n'kupita kuseri.

Kwathu chaka chatsopano timachilandira ndi gule wa chilimika. Atsikana ndi amayi achitsikana a mudzi uliwonse amakonza gulu lawo, timipango toyera m'manja, amuna akuwaimbira ng'oma, ndipo magulu amakumana pabwalo kupikisana. Nyimbo zake zimapekedwa chaka chomwecho, ndipo zimakamba za anthu amoyo. Wobwera ku Joni ndi sutikesi yodzaza mapepala, kalaliki wofunsira mbeta mudzi uliwonse, mpongozi wouma manja, onse amamva mbiri yawo pabwalo. Dzina satchula, koma palibe amene amafunsa kuti akunena yani. Mwamuna akalowa m'nyimbo timati waimbidwa, ndipo si ulemu. Mlamu wanga ankadziwa zimenezi kuposa ine, chifukwa asanakwatiwe ndiye ankatsogolera gulu la ku Mwaya, ndipo panali amuna angapo amene anasinthapo njira yopita kumsika chifukwa cha pakamwa pake. Kufatsa kunabwera ndi ukwati.

Achimwene akapita ku boma kukacheza ndi anzawo, mlamu ankandipempha kuti ndimupukusire galamafoni. Singano zatsopano achimwene ankayenda nazo m'thumba la jekete, choncho iye ankatola zotha zimene ankataya m'kachitini, n'kuzinola pamwala wonolera mipeni. Nyimbo inkatuluka ngati ikuchokera pansi pa madzi, koma iye ankaitsatira chapansipansi, ndipo pamalo pokwera paja ankandiuza kuti ndibwezere singano m'mbuyo. Masana ena ankapita kwawo ku Mwaya, ati kukaona amayi ake. Maganizo sanandifunse. Ndikhulupirira kuti m'mutu mwake nkhani inali yowongoka: nyimbo ya m'baisikopo idzabwera ndi malamulo a m'baisikopo, ndipo mwamuna wake akadzangoimva adzadziwa kuti si yachipongwe.

Tsiku la chaka chatsopano kunacha bwino. Masana bwalo la pafupi ndi msika linadzaza. Amuna obwera kum'mwera anaima pamodzi pamthunzi, masuti, mawotchi, ena magalasi chikhalirecho maso awo ali bwinobwino, ndipo achimwene anali pakati pawo. Magulu angapo anavina n'kutuluka. Kenaka linalowa la ku Mwaya, ndipo kutsogolo kwake kunali mlamu wanga, atavala diresi lija ndi nsapato zija, zimene zinkamira m'dothi lonyowa akaponda.

Ng'oma zinayamba pang'onopang'ono, mosiyana ndi chilimika chimene tinazolowera. Iye anayamba yekha. Poyamba sanatchule kanthu, anangong'ung'udza nyimbo ya m'mbale ija, ndipo ndinaona achimwene akutembenuka ngati aitanidwa dzina. Anavula chipewa. Nkhope imene anali nayo nthawi imeneyo ndinali ndisanaione, ndipo sindinaionenso. Anali okondwa ngati mwana.

Kenaka zonena zinabwera, m'Chitonga chomveka kwa aliyense. Anaimba kuti mphasa anayala ya anthu awiri koma wakhala akuipinda yekha. Anaimba kuti sitima ili ndi amuna okwanira, isamutengere wakeyu. Anaimba kuti nsapato wazilandira, yewo, koma alibe kopita nazo kupatula ku doko kokaperekeza. Atsikana ankavomera kumbuyo, timipango tikukwera ndi kutsika. Pofika pamalo pokwera paja anatuluka pamzere, monga achimwene ankanenera kuti mayi uja amachitira, n'kudutsa bwalo lonse mpaka pamthunzi paja. Anaima patsogolo pa mwamuna wake, osagwada, akumuyang'ana m'maso, liwu likukwerabe, n'kuika kampango paphewa la suti.

Ine ndinamva mantha ndi kunyada nthawi imodzi, chifukwa kuimba kotero ndinali ndisanakumvepo. Ndiye mayi wina wogulitsa usipa anaseka, kuseka kochokera m'mimba, ndipo zinakhala ngati watsegula khola. Nthungululu, mluzu, amuna kugwirana mapewa. Mnzawo wina wa achimwene anawamenya pamsana nati, "Ada, lero mwaimbidwa." Wina anafunsa mokweza ngati mphasayo yayamba kugwira ntchito tsopano, ndipo amene anamva anauza amene sanamve. Atsikana aja, poona kuti nyimbo yagwira, anaibwereza, ndipo bwalo lonse linalowerera, ogulitsa, onyamula katundu, amesenjala a ku boma, monga momwe achimwene ankafotokozera za msewu wa ku Amereka uja. Kungoti onsewa ankawadziwa achimwene ndi amayi awo, ankadziwa zaka zimene anakhala kunja, ndipo ankadziwa kuti mkaziyo alibe mwana.

Achimwene anachotsa kampango paphewa, anakapinda bwinobwino ngati kansalu ka patebulo la hotela, n'kukabwezera kwa mkazi wawo ndi manja awiri. Anavala chipewa. Anadikira mpaka gululo litatuluka, kenaka anapita kunyumba podzera njira ya kumtunda.

Sanamukalipire. Zikanakhala bwino akanakalipa, chifukwa ankhoswe akanapeza poyambira. Galamafoni anaitseka n'kuikankhira pansi pa bedi, ndipo obwera kudzamvera masana ankawauza kuti singano zatha. Mlamu anapukuta matope ku nsapato zija n'kuziika pamwamba pa khoma, ndipo anapitiriza kuwapatsa madzi osamba, iwo n'kumathokoza monga kale. Abambo anawauza kuti apirire, nyimbo za chilimika zimafa mvula isanathe. Koma iyi inali yokoma kwambiri m'makutu, ndipo vuto linagona pamenepo. Ana ankaiimba popita kusukulu, ngakhale m'kalasi mwanga ndinkaimva chapansipansi. Asodzi ankaiimba pokoka khoka. Achimwene akadutsa pa doko, wina ankangoimba mluzu wa pamalo pokwera paja, osawayang'ana n'komwe. Nyimbo imene anainyamula okha kukwera nayo chitunda inali itasanduka dzina lawo lachipongwe. Mvula ili pakati anauza abambo kuti malo a pa sitolo aja apereke kwa wina.

Patapita zaka zambiri, dziko litasintha, ndinaonera ndekha mafilimu amenewa ku Blantyre, osadula. Achimwene sananame. Mitundu yake, masitepe aakulu oyera, mapazi olankhula aja, zonse zinalipo, ndipo nanenso ndinatuluka ndikuyenda mopepuka ngati wina wanditula mtolo. Ndinamvetsa chimene chimakoka munthu. Kwa kanthawi umakhala m'dziko limene zakukhosi zimatuluka zokongola, ndipo onse okuzungulira amakuthandiza kuzinena. Malo odumpha aja ndinawadikira ndi chidwi. Chimene azungu ankadula chinali kupsompsonana chabe, kwa kanthawi kochepa, ndipo mwamunayo sayankha kanthu. Ndinayang'anitsitsanso anthu a mumsewu aja, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anali malume ake a munthu. Nthawi imeneyo n'kuti achimwene atamwalira kale ku Buluwayo, osabweranso kwathu, ndipo mlamu wanga atabwerera kwawo ku Mwaya.

Tsiku limene achimwene ananyamuka kubwerera ku Buluwayo kunali kamvula kowaza. Mlamu anawalongedzera sutikesi n'kuwakazingira usipa wa panjira, koma ku doko sanapite. Anati chinangwa chimene anaanika chinganyowe. Galamafoni achimwene anaisiya, ndi mbale zonse, ndi singano zatsopano zomwe. Tinawaperekeza ine ndi abambo. Masiku amenewo sitima inkaima patali pang'ono, anthu n'kumapitako pa boti laling'ono. Tikudikira botilo, abambo atapatuka kukapereka moni kwa munthu wina, achimwene anandikokera pambali.

"Pokwera paja," anatero, "mwini wake m'mbale muja amaba mpweya pang'ono. Ukatchera khutu umamva. Mlamu wako sanapume. Anakwera ulendo umodzi mpaka pamwamba." Anazunguza chipewa m'manja. "Sindinamvepo munthu akuimba choncho, ngakhale m'baisikopo. Ukamuuze."

Ndinati akanamuuza okha. Anati boti lafika.

Mlamu ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusinja. Ndinamuuza zonse monga anandiuzira, osachotsa, osawonjezera, za mpweya, za pamwamba, za baisikopo. Anaimika munsi mumtondo n'kumvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nanga zimene ndinkanenazo," anafunsa, "anati chiyani?"

Ndinati za zimenezo sananene kanthu.

Kumunsi sitima inalira. Mlamu anagwedeza mutu pang'ono, n'kundiuza kuti ndimupatsire lichero, ufa usanyowe.